Kugulitsa thukuta ku Marávia

Mu 2018 akatswiri a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko 168, wofuna kudziwa kuchuluka kwa anthu amene matupi awo sagwira ntchito mokwanira. Ku Kuwait anapeza kuti anthu awiri mwa atatu aliwonse ndi ongokhala. Kumapeto enawo a mndandanda kunali Uganda ndi Mozambique, kumene ongokhalawo sankakwana n'komwe 6 pa anthu 100 aliwonse. Amene anapondako m'boma la Marávia, kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, sangadabwe nazo. Kumeneko mayi amadzuka kusanache, kupalira mizere yake, kubwerera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, kenaka n'kutsikira kuchitsime ndi chigubu cha malita 20, mwana ali kumsana. Mwamuna wake ngati sali m'munda wa fodya ndiye kuti ali m'dzenje la golide kapena akupalasa bwato.

Ndiye tangoganizani mnyamata wa kumeneko, kapena mtsikana, akuuza makolo ake kuti akusiya ntchito ya malipiro a pamwezi kuti aziphunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi. Bambo ake adzamuyang'ana kwa nthawi, kenaka n'kumufunsa funso limodzi lokha: mwanawe, anthu azikulipira chifukwa chowatopetsa? Kwa iwo n'chimodzimodzi kukhala pagombe la Zambezi n'kumagulitsa madzi.

Funsolo si lopusa, ndipo amene akufuna kusiya ntchito ayenera kuliyankha asanalembe kalata. Koma maganizowa afika kale m'midzi, ndipo sabwerera. Chiyambire pamene kampani ya Movitel inayamba ntchito mu 2012 n'kufalitsa mafoni kumadera kumene ena ankakuona kutalika, mnyamata wa ku Fingoé, likulu la boma la Marávia, amaonera pa Facebook ndi pa TikTok zomwezo zimene amaonera mnzake wa ku Maputo kapena ku Lusaka: anthu a zifuwa zotukuka akuwerengera gulu, nyimbo ikugunda, onse akuseka. Iye akayang'ana ntchito yake amaona fumbi ndi bwana wolalata.

Ndani amene watopa?

Ntchito zosakoma ku Marávia zili ndi nkhope zake. Pali mphunzitsi amene boma linamutumiza kusukulu ya kutali ndi kwawo, kumene kalasi imodzi imadzaza mpaka pakhomo. Chiyambire 2022, pamene boma la Mozambique linakhazikitsa ndondomeko yatsopano ya malipiro yotchedwa TSU, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'zipatala akhala akudandaula, ena mpaka kunyanyala ntchito, ndipo nkhani ya ndalama za maola owonjezera zosalipidwa imabwerabwera chaka ndi chaka. Pali mlangizi wa fodya amene amathera tsiku pa njinga yamoto, m'mawa ali bwenzi la mlimi pomupatsa feteleza wa ngongole, pa nthawi yogula n'kusanduka mdani. Pali wogulitsa m'sitolo ya munthu wina, woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, ndi mnyamata wa ku garimpo, kokumba golide kuja, amene waona dzenje likukwirira mnzake.

Onsewa akanena kuti akufuna ntchito ya masewera, kawirikawiri chimene akunena n'chakuti ola limodzi limene amakhala pabwalo madzulo ndilo lokhalo limene amamva kuti ndi anthu. Zimenezi n'zoona ndipo siziyenera kusekedwa. Komabe kukonda kuthamanga ndi kukonda kuthamangitsa anthu ena ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wophunzitsa masewera sathamanga momwe mtima wake ukufunira. Amaima pambali n'kumayang'ana bondo la mayi wa zaka 50, amabwereza mawu omwewo kakhumi, amadikira ochedwa, ndipo mwezi ukatha amapita kukapempha ndalama yake kwa munthu amene akumulemekeza. Amene akuthawa bwana mmodzi adziwe kuti akupita kwa mabwana makumi awiri, ndipo aliyense wa iwo angathe kumuchotsa ntchito pongosiya kubwera.

Pepala lili kutali

Amene akufuna digiri ya masewera ku Mozambique kawirikawiri amayang'ana ku Maputo. Ku Universidade Pedagógica kuli nthambi yakale ya maphunziro a masewera, kumene Pulofesa António Prista wakhala akufufuza kuyambira m'ma 1990 za mmene ana a ku Mozambique amagwiritsira ntchito matupi awo, a m'tauni ndi a kumudzi omwe. Ku Universidade Eduardo Mondlane kulinso sukulu ya sayansi ya masewera yotchedwa ESCIDE. Koma kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, ndipo munthu wa ku Fingoé ayenera kuyamba wagonjetsa msewu wopita ku Bene asanaone n'komwe mlatho wa pa Zambezi. Kuonjezera apo pamafunika kalasi 12, mayeso olowera, malo ogona ndi zaka zinayi zosalandira kanthu. Kwa bambo wa ana awiri njira imeneyo ndi yotseka.

Maiko ena anamanga mpanda wolimba pa ntchitoyi. Ku Brazil, kumene kumachokera mavidiyo ambiri a Chipwitikizi amene achinyamata a ku Tete amaonera, lamulo la mu 1998 limafuna kuti wophunzitsa masewera akhale wolembetsedwa ku bungwe la ntchitoyo, ndipo wopezeka akuphunzitsa popanda chilolezo amatha kutengeredwa kupolisi. Ku Portugal nakonso lamulo la mu 2012 limafuna chiphaso kwa aliyense wophunzitsa m'majimu. Pabwalo la sukulu ku Chiputo kapena ku Malowera, m'boma la Marávia, palibe amene adzakuimitsani kuti muonetse satifiketi. Ena amaona ngati umenewu ndi mwayi. Ine ndimaona kuti ndi katundu, chifukwa kumene kulibe woyang'anira, zonse zimene pepala likanatsimikizira zimatsalira pa chikumbumtima cha mphunzitsiyo.

Ndipo Achewa a kuno safunika kuuzidwa kuti luso la thupi limaphunziridwa ngakhale popanda pepala. Dzina lenilenilo la Marávia likuchokera kwa Amaravi, ndipo dera lino linali mbali ya ufumu wa Undi, amene mpando wake lero uli ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a maiko atatu amakakumana pa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, amafuna mpweya ndi miyendo zimene osewera mpira ambiri alibe. Palibe wovina amene ali ndi satifiketi, koma palibenso amene amangodzuka n'kulowa m'bwalo chifukwa choti mtima wafuna. Alipo amene anamuphunzitsa, anamudzudzula, anamuletsa mpaka nthawi itakwana. Anamkungwi nawonso chimodzimodzi. Mudzi umadziwa kusiyanitsa wopanda pepala ndi wosaphunzira, ndipo wachiwiriyu suchedwa kumutulukira.

Nkhani zimene timakonda kuuzana

Aliyense wofuna kulimbitsa mnzake mtima pa nkhaniyi amatchula maina omwewo. Francis Ngannou wa ku Cameroon anayamba kukumba mchenga kwawo ku Batié ali mwana wa zaka pafupifupi 10, anayendetsapo njinga yamoto yonyamula anthu, anawoloka chipululu cha Sahara, anatsekeredwa ku Spain, anagona panja ku Paris, ndipo mu Malichi 2021 anakhala katswiri wa dziko lonse wa masewera omenyana a UFC pa gulu la anthu a thupi lolemera kwambiri. Kufupi kuno, Esther Phiri wa ku Lusaka anasiya sukulu ali ku pulayimale, ankagulitsa masamba kuti adyetse mwana, n'kudzakhala mkazi wankhonya wotchuka kuposa onse m'Zambia. Ndipo aliyense ku Mozambique amadziwa za Maria de Lurdes Mutola, mtsikana wa ku Chamanculo amene ankasewera mpira ndi anyamata, n'kudzapata mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 800 ku Sydney mu 2000.

Nkhanizi n'zokoma, koma zimasocheretsa pawiri. Poyamba, anthu atatuwa anali opikisana, sanali ophunzitsa, ndipo pa munthu mmodzi wofika pamene anafikapo pali masauzande amene anayesa n'kubwerera opanda kanthu. Chachiwiri, tikamazifotokoza timadumpha munthu amene ali wofunika kwambiri kwa wofuna ntchitoyi, yemwe ndi amene anaima pambali. Mutola anaonedwa ndi mlakatuli José Craveirinha, amene anamupereka kwa mwana wake Stélio, katswiri wa masewera othamanga ndi kudumpha; patangopita miyezi yochepa mtsikanayo anali ku Seoul mu 1988 ali ndi zaka 15. Atapita ku Oregon ku America anagwa m'manja mwa Margo Jennings, mayi amene ntchito yake inali uphunzitsi wa pasukulu, ndipo anayenda naye mpaka pa golide uja. Esther Phiri analowa mu nkhonya kudzera m'bungwe la achinyamata la Africa Directions ku Mtendere, ndipo anaumbidwa ndi Anthony Mwamba, amene anali atamenyapo nkhonya yekha kwa zaka zambiri. Ngannou anapeza Fernand Lopez ku Paris. Palibe mmodzi mwa aphunzitsiwa amene ankangoyerekeza. Amene akufuna kutsanzira wina m'nkhanizi atsanzire Jennings, amene sanafunike kutaya choko kuti ayambe kugwira wotchi.

Palinso nkhani ya Zumba, imene imandiseketsa. Beto Pérez wa ku Cali ku Colombia anaiwala tepi ya nyimbo za kalasi yake, n'kuika nyimbo za salsa zimene anali nazo m'chikwama, anthu n'kuzikonda. Mu 2001 iye ndi anzake anakhazikitsa kampani ku America. Lero amene akufuna kugwiritsa ntchito dzina la Zumba ayenera kulipira maphunziro awo ndi kutenga chilolezo chawo. Amene analowa popanda pepala ndiye akugulitsa mapepala.

Amene angalipire

Tibwerere ku funso la bambo aja. Yankho lake lili m'chipatala. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 anapeza kuti anthu 33 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Atabwereza mu 2014 ndi 2015 chiwerengerocho chinali chitafika pafupifupi 39, ndipo mwa odwalawo munthu mmodzi yekha mwa asanu ndi awiri ndiye ankadziwa kuti akudwala. Matenda a shuga nawo anachuluka kuwirikiza kawiri m'zaka khumi zomwezo. Dokotala wa mtima Albertino Damasceno wa ku Maputo wakhala akuchenjeza kwa zaka zambiri kuti matenda opha ziwalo akugwetsa anthu amene akadali pa msinkhu wogwira ntchito.

Pa boma ngati Fingoé pali kagulu ka anthu amene moyo wawo unasintha m'badwo umodzi wokha. Anakula akusenza madzi, lero amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo: a m'maofesi a boma, akuluakulu a sukulu, anamwino, apolisi a pa desiki, eni magolosale ndi zigayo, madalaivala. Nsima ikadali ya mlimi, mchere ndi mafuta zachuluka, zakumwa zozizira zili pafupi, ndipo pakhomo pali njinga yamoto moti ngakhale kupita kumsika sayenda pansi. Amenewa ndiwo ali ndi malipiro a pamwezi, ndipo amenewa ndiwo adokotala amawauza kuti ayambe kuyenda. WHO imati munthu wamkulu azichita masewera otulutsa thukuta pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso olimbitsa minofu masiku awiri. Ambiri amamva, amavomera, amayenda masiku atatu n'kusiya. Chimene angalipire si luso lodumpha chingwe, ayi. Angalipire munthu amene adzakhala pabwalo 5 koloko m'mawa Lolemba lililonse, amene adzawaimbira foni akajomba, ndiponso gulu la anzawo limene lingachititse kuti asaoneke ngati openga pothamanga popanda chowathamangitsa.

Mfundo yomalizayi si yaing'ono. Kwathu kuno kunenepa kwakhala chizindikiro cha kupeza bwino, ndipo munthu akayamba kuwonda anthu amanong'onezana za matenda. Mayi wokwatiwa akavala buluku la masewera n'kumathamanga mumsewu, nkhani imafika kwa apongozi dzuwa lisanakwere. Wophunzitsa wanzeru salimbana ndi zimenezi poyera. Amapeza malo otchingika, holo ya tchalitchi kapena kuseri kwa sukulu, amalola amayi kubwera ndi chitenje pamwamba, amayamba ndi nyimbo ndi magule amene miyendo yawo ikuwadziwa kale, ndipo salonjeza za kuwonda. Amakamba za mawondo, za tulo, za kukwera phiri osapuma, za nambala imene namwino adzawerenge pa makina a BP. Apa mphunzitsi wamkazi ali ndi mwayi woposa wamwamuna, chifukwa amuna ambiri salola akazi awo kugwidwa mapewa ndi mnyamata wa minofu. M'dera ngati lino msika waukulu ndi wa amayi, ndipo amene angaufike mosavuta ndi mayi mnzawo.

Gulu lachiwiri ndi matimu a mpira. Chigawo cha Tete chili ndi chonyadira: União Desportiva do Songo, timu ya kutsidya kwa damu la Cahora Bassa, inatenga chikho cha ligi ya dziko lonse, Moçambola, mu 2017, mu 2018 ndiponso mu 2022, ndipo mnyamata aliyense wa m'midzi ya kuno amalota zovala jezi yake. Matimu a m'midzi alibe ndalama yolipira kochi mwezi ndi mwezi, koma ndiwo sukulu yabwino koposa ya wophunzitsa watsopano, ndipo dzina limamveka kuchokera kumeneko. Timu imene imathamangabe mphindi 20 zomaliza pamene ina yatulutsa malilime imalengeza yokha amene akuikonzekeretsa.

Gulu lachitatu ndi lija limene bambo ankaliganiza, la anthu otopa kale. Akatswiri a ku Denmark, motsogozedwa ndi Andreas Holtermann, aonetsa kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse sipatsa mtima phindu lofanana ndi la masewera, chifukwa imatenga maola ambiri, ilibe kupuma kokwanira, ndipo imabwereza kuwerama komweko. Mlimi wa zaka 45 ali ndi mphamvu, koma msana wake ndi wa nkhalamba. Amenewa sadzalipira mwezi ndi mwezi, ndipo kuwauza kuti athamange n'kuwanyoza. Koma munthu wodziwa kuwaonetsa kanyamulidwe ka thumba la makilogalamu 50 kosathyola msana, ndi mmene angawongolere thupi akaweruka kumunda, sadzasowa nkhuku kapena ndowa ya chimanga, ndipo adzapeza ulemu umene ndalama siigula pa boma laling'ono.

Zimene pepala likanaphunzitsa

Apa ndiye pagona nkhani. Satifiketi yabwino imaphunzitsa zinthu zochepa zokhudza kukulitsa minofu ndi zambiri zokhudza kusapha munthu. Wopanda pepala ayenera kuzifunafuna yekha, ndipo sizibisika.

Choyamba ndi kufunsa. Munthu asanadumphe ngakhale kamodzi afunsidwe ngati anamvapo kupweteka pachifuwa, ngati amachita chizungulire kapena anakomokapo, ngati akumwa mankhwala a BP kapena a shuga, ngati ali woyembekezera, ngati ali ndi bondo kapena msana wovuta. Ku Canada anakonza kale mndandanda waufupi wa mafunso oterewa wotchedwa PAR-Q, ndipo umapezeka mwaulere pa intaneti. Woyankha kuti inde pa funso la chifuwa apite kuchipatala kaye, ngakhale atabwera ndi ndalama ya miyezi itatu m'manja. Makina oyezera BP a batire si odula poyerekeza ndi foni, ndipo ndiwo chida choyamba kugula, zitsulo zisanabwere. Koma kuyeza si kuchiza: wophunzitsa amene amauza munthu kuti asiye mapiritsi chifukwa wayamba masewera ndi chigawenga, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino.

Chachiwiri ndi dzuwa. Tete amadziwika m'dziko lonse ndi kutentha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala madera a kunsi, a m'mbali mwa nyanja, amapyola madigiri 40. Kumtunda kwa Marávia kumapepukako, komabe masewera a masana m'miyezi imeneyi ndi kuputa imfa. Munthu akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira kapena kusokonezeka ali pabwalo, asapatsidwe mawu olimbikitsa. Agonekedwe pamthunzi, athiridwe madzi thupi lonse, ndipo galimoto kapena njinga ifunidwe nthawi yomweyo. Amene akumva kutentha thupi asachite masewera, akayezetse malungo. Ndipo pali vuto lina limene anyamata onyamula zitsulo salidziwa: munthu watsopano akakakamizidwa mopyola muyezo tsiku loyamba, minofu imatha kuphwanyika mkati, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso n'kuwonongeka. Kumene chipatala chachikulu chili kutali, kuonetsa ukatswiri pa thupi la munthu watsopano n'kusewera ndi maliro.

Chachitatu ndi kudekha. Thupi limalimba pang'onopang'ono, ndipo limalimba pa nthawi yopuma. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kusiyana ndi mitsempha ya m'mawondo, n'chifukwa chake munthu amamva kuti angathe kuonjezera pamene bondo lisanakonzeke. Mavidiyo a pa foni amaonetsa zodabwitsa chifukwa zodabwitsa ndizo zimakopa maso. Zothandiza n'zotopetsa kuonera: kunjuta ndi kudzuka, kukankha, kukoka, kunyamula, kuyenda mofulumira, kuonjezera pang'ono sabata iliyonse n'kulemba m'kope. Za majekeseni ndi mapiritsi otupitsa minofu, amene amayenda m'zikwama kuchokera m'matauni, wophunzitsa angodziwa kuti amawononga chiwindi ndi mtima ndipo asawalole pabwalo pake.

Mapepala aang'ono alipo, ndipo ndi amene ndingalimbikitse. Cruz Vermelha de Moçambique, yomwe ndi Red Cross ya dzikolo, imaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo satifiketi imeneyo ndi yoyamba kuifuna. Pa mpira, malayisensi a makochi a CAF, bungwe la mpira la mu Africa, amayambira pa D, amene maphunziro ake ndi a masiku owerengeka, ndipo amaperekedwa kudzera m'mabungwe a mpira a dziko lililonse: FMF ku Mozambique, FAZ ku Zambia, FAM ku Malawi. Kwa anthu a kumpoto kwa boma lino, amene amagula ndi kugulitsa pa kwacha ya Zambia ndipo Katete ndi Petauke amaziona pafupi kuposa Tete, si chachilendo kuyang'ana kutsidya kwa malire. FIFA ilinso ndi tsamba la maphunziro a makochi laulere pa intaneti. Nkhani za masewera pa boma zimadutsa ku ofesi ya maphunziro ndi achinyamata, SDEJT, ndipo amene wadzidziwitsa kumeneko ndiye amakumbukiridwa maphunziro akabwera kapena masewera a sukulu akayandikira. Boma lomwelo linaonetsa kale kuti limakhulupirira maphunziro aafupi: alangizi a zaumoyo a m'midzi, ma APE, amaphunzira miyezi yowerengeka n'kupatsidwa udindo woyeza malungo. Ndipo pafupifupi pa sekondale iliyonse pali mphunzitsi wa masewera amene anadutsa m'kalasi. Kumunyamulira mipira chaka chathunthu, kumufunsa mafunso, kumulola kuti akudzudzuleni, ndi maphunziro amene salipiridwa.

Kachokedwe

Cholakwa chachikulu si kusowa pepala, koma kuchoka molakwika. Ndalama ku Marávia imayenda ndi nyengo. Fodya akayamba kugulidwa, chapakati pa chaka, aliyense amaoneka wolemera, mipikisano ya mpira imachuluka, ndipo gulu la masewera limadzaza. Mvula ikagwa anthu amabalalikira kuminda, bwalo limasanduka matope, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale ngakhale wa malipiro a pamwezi amakhala akulipira za sukulu ndi kudyetsa abale a kumudzi. Amene wasiya ntchito mu Julayi poona khamu adzalira mu Febuluwale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akuluakulu anatero, ndipo malipiro osakoma aja ndiwo angagule makina a BP, chingwe, mpira ndi thiransipoti ya ku maphunziro.

Mwamwayi ntchitoyi imachitika pa nthawi imene ntchito zina zagona, m'bandakucha ndi madzulo, choncho munthu angathe kuiyesa chaka chathunthu asanataye kanthu. Wogwira ntchito m'boma ali ndi khomo lina: malamulo a ogwira ntchito m'boma ku Mozambique amalola kupempha tchuthi chosalipidwa, ndipo n'kwanzeru kufunsa za chimenechi kusiyana ndi kungosowa pa ntchito n'kutaya zaka za penshoni. Ngongole yogulira makina ndiyo ndingaletse ndi mawu amphamvu. Anthu a kuno akukumbukira ndalama za sete milhões zimene maboma ankalandira kuyambira mu 2006, ndi mabizinesi ambiri amene anafa ngongole isanabwezedwe. Makina othamangirapo amafuna magetsi osazima ndi mmisiri amene ali ku Tete kapena kupitirira. Simenti yothiridwa m'zitini ziwiri ndi paipi pakati, matayala akale, zigubu za mchenga ndi nthambi yolimba ya mtengo zakulitsa zifuwa zambiri m'makomboni a Lusaka ndi Blantyre. Chofunika n'kuziyeza pa sikelo ya wogula chimanga ndi kulembapo kulemera kwake, kuti munthu asanyamule mongoganizira.

Pa kalipiridwe, pamudzi pamene aliyense ndi mlamu kapena msuweni, ngongole ndiyo imapha bizinesi. Kulipiriratu kumayambiriro kwa mwezi kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kumachotsa manyazi a kutambasula dzanja, ndipo gulu la anthu khumi ndi asanu olipira pang'ono ndi lodalirika kuposa bwana mmodzi wolipira zambiri amene angasamutsidwe mawa. Kusamutsidwako kumachitikadi: ogwira ntchito m'boma ambiri amawerenga masiku oti achoke kumaboma akutali, choncho gulu limafunika kudzazidwa chaka chilichonse.

Tinene mosabisa kuti pa boma limodzi laling'ono ntchitoyi singadyetse anthu ambiri, ndipo kwa ochuluka idzakhala yachiwiri, pambali pa munda, kagolosale kapena choko. Amene akufuna kuti ikhale yokhayo adzayang'ana kumzinda wa Tete, ku Moatize kumene migodi ya malasha inabweretsa antchito a ndalama kuyambira pamene Vale inayamba kukumba mu 2011, kapena ku Songo. Kumeneko kuli mahotela, makampani ndi majimu enieni, ndipo kumeneko pepala lidzafunsidwa pakhomo. Wochokera ku Marávia akafika ndi satifiketi ya chithandizo choyamba, layisensi ya D, kalata ya ku SDEJT ndi kope la zaka ziwiri lolembamo maina, masiku ndi manambala a BP a anthu amene wawaphunzitsa, adzakhala ndi zoonetsa zimene womaliza digiri chaka chatha alibe, ndipo maphunziro apamwamba angawalipire ali kale pa ntchito.